Madzi Oundana Amene Akufa ndi Ludzu pa Kilimanjaro

[Kanyimbo kotsegulira pulogalamu, katsike pang'onopang'ono]

WOULUTSA: Lero tikwera phiri, koma musavutike kufunafuna nsapato, khalani pomwe mulipo. Tikupita kwa anansi athu ku Tanzania, ku phiri la Kilimanjaro, kukaona chinthu chimene ambirife timangochidziwira m'firiji: madzi oundana. Muno mu situdiyo ndili ndi bambo amene aphunzitsa jogalafe ku sekondale kwa zaka zambiri, ndipo phirili analikwera ndi mapazi awo. Aphunzitsi, takulandirani.

APHUNZITSI: Zikomo mayi, ndalandiridwa. Koma zoti ndinalikwera ndi mapazi anga, mwanena theka chabe. Theka linalo ndi mapazi a anyamata amene anandisenzera katundu. Tifikako.

WOULUTSA: Tisanafike, ndikutulireni funso la mwana wanga wa Sitandade 7. Akuti Tanzania ndi dziko lotentha, lili pafupi ndi ikweta kuposa ife. Nanga madzi angaundane bwanji panja, popanda magetsi?

APHUNZITSI: Mwanayo ali ndi mutu. Mukamukumbutse ulendo wochoka ku Chikwawa kupita ku Blantyre. Mumanyamuka kuchigwa thukuta lili kamukamu, aliyense akukupiza ndi chimene wagwira. Minibasi ikayamba kulira pa zitunda zija, mphepo imasintha, ndipo mukamalowa mu Blantyre wina wayamba kale kupempha kuti mutseke windo. Dzuwa ndi lomwelo, tsiku ndi lomwelo, chimene chasintha n'chakuti mwakwera. Mamita 1,000 aliwonse amene munthu wakwera, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6 ndi theka.

Tsopano tawuni ya Moshi, imene ili m'tsinde mwa Kilimanjaro, ili pa mamita pafupifupi 900, ngati Zomba. Nsonga ya phirilo, Uhuru, ili pa mamita 5,895. Sapitwa wathu wa pa Mulanje ali pa 3,002. Ndiye kuti mutatenga Mulanje wina n'kumusanjikiza pamwamba pa mnzake, mungoposa Kilimanjaro ndi mamita 100 ndi pang'ono. Kuchokera ku Moshi kukafika pamwamba mwataya madigiri oposa 30. Makina oyezera nyengo amene akatswiri anaimika pamwamba pa madzi oundanawo m'chaka cha 2000 aonetsa kuti, kuphatikiza usana ndi usiku chaka chonse, kumeneko kumakhala pa madigiri pafupifupi 7 kunsi kwa ziro.

Kumalo kotero mvula siigwa ngati madzi. Siigwanso ngati matalala athu aja oboola masamba a fodya. Imagwa ngati ufa woyera wopepuka, chipale chofewa. Chikagwa chaka chino n'kusatha chonse, chaka chamawa china chimagwera pamwamba pake, chapansi chimapanikizika, mpweya umafinyika, mpaka chimasanduka chimwala cha madzi, cholimba, chobiriwira m'kati ngati botolo. Chimenecho ndiye pa Chingerezi amati glacier. Mu Africa monse chatsala malo atatu okha: pa Kilimanjaro, pa Mount Kenya, ndi pa mapiri a Rwenzori, m'malire a Uganda ndi Congo.

WOULUTSA: Ndiye mwana wanga asachite manyazi ndi funso lake.

APHUNZITSI: Manyazi a chiyani, pamene akuluakulu a ndevu zawo anakana kwa zaka zoposa 10? Pa 11 Meyi 1848, mmishonale wa ku Germany, Johannes Rebmann, akuyenda kuchokera kugombe la Mombasa, anaona chinthu choyera pamwamba pa phiri. Analemba kuti ndi chipale chofewa. Nkhani itafika ku London, katswiri wina wa mapu, William Desborough Cooley, amene sanapondeko kuderalo, anatsutsa kwamtuwagalu. Iye ankati mmishonaleyo maso ake ndi ofooka, waona miyala yoyera. Chosekesa n'chakuti Achaga, eni phiri, ankachiona chinthucho m'mawa uliwonse akamatuluka m'nyumba, koma umboni wawo sunawerengedwe.

Apa pali kankhani kathu ife Amalawi kamene ana asukulu ambiri sakadziwa. M'chaka cha 1861, Baron von der Decken anapita kukatsimikiza nkhaniyi, ndipo anatenga mnyamata wa ku England wodziwa za miyala, Richard Thornton. Mnyamatayu anali atabwera ku Africa ndi David Livingstone pa ulendo wa pa Zambezi, awiriwo n'kusemphana Chichewa. Atayeza Kilimanjaro ndi kuchitira umboni kuti choyeracho n'chipale ndithu, Thornton anabwerera kwa Livingstone, n'kudwala kamwazi ndi malungo, n'kumwalira mu Epulo 1863 m'mbali mwa Shire. Manda ake ali ku Chikwawa, kufupi ndi mathithi a Kapichira. Tangoganizani: mmodzi mwa azungu oyamba kuyeza phiri la madzi oundana anagona kuchigwa kotentha kuja kumene tayambira ulendo wathu wa minibasi.

Ofika pansonga penipeni, malinga ndi zolembedwa, anali Hans Meyer ndi Ludwig Purtscheller, pa 6 Okutobala 1889. Iwo anachita kusema masitepe m'madzi oundana ndi nkhwangwa kuti alowe pamwamba. Ine, patapita zaka zoposa 100, ndinafika pansonga pomwepo osaponda madzi oundana ngakhale phazi limodzi. Ndinaponda fumbi ndi miyala basi.

[Kanyimbo kakafupi]

WOULUTSA: Tatitengani tsono, aphunzitsi. Munthu wochokera kuno amayambira pati?

APHUNZITSI: Wa ndalama zake amakwera ndege n'kukatera pa bwalo la Kilimanjaro, pakati pa Arusha ndi Moshi. Ine wa choko ndinadzera pa chipata cha Songwe ku Karonga, n'kukagona ku Mbeya, kenaka basi ya tsiku lonse ndi usiku womwe mpaka ku Moshi. Msana unayamba kudandaula phiri ndisanalione.

Phirili ndi paki ya boma kuyambira 1973, ndipo bungwe la UNESCO linaliika pa mndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 1987. Simungangolowa nokha ngati mukupita kukatola nkhuni. Lamulo limafuna kuti mukhale ndi wolondolera njira wovomerezeka, ndipo mumalipira tsiku lililonse limene muli m'katimo. Nzika za maiko a East African Community zimalipira pang'ono, koma Malawi sali m'gululo, ndiye ife amatiwerengera limodzi ndi alendo akutali, m'madola. Zimenezo zinandiwawa, sindibisa.

Njira zilipo zingapo. Ya Marangu ndiyo yakale, ndipo ndi yokhayo imene mumagona m'tinyumba: Mandara, Horombo, ndi Kibo. Horombo ali pa mamita 3,720, kutanthauza kuti usiku wachiwiri wokha mwagona kale pamwamba kuposa malo alionse a m'Malawi. Pali ya Rongai yochokera kumpoto, kumbali ya Kenya, youma. Ya Lemosho yochokera kumadzulo, yaitali. Ya Umbwe, yaifupi koma yoimirira ngati khoma. Ine ndinadzera ya Machame, masiku 7, kugona m'matenti.

Koma musanafike n'komwe pa geti, tsegulani maso. Galimoto imadutsa m'minda ya Achaga, imene eni ake amati kihamba. Sindinaonepo ulimi wosanjikiza chotero. Pamwamba mitengo ikuluikulu ya mthunzi, pansi pake nthochi, pansi pa nthochi khofi, pansi pa khofi zilazi ndi koko, ng'ombe ili m'khola kudya makungwa a nthochi n'kubweza manyowa. M'mbali mwa njira mukuyenda madzi m'tingalande tokumba ndi manja, tina takalekale, totchedwa mifongo, tochokera m'mitsinje ya m'nkhalango. Tingalande timeneti mutisunge m'mutu, mayi, tidzatifuna.

WOULUTSA: Ndatisunga. Mwalowa pa geti.

APHUNZITSI: Geti la Machame lili pa mamita pafupifupi 1,800. Tsiku loyamba lonse muli m'nkhalango yowirira, yamdima, mitengo itavala ndere ngati ndevu za nkhalamba, matope mpaka m'akakolo, anyani akuda ndi oyera a michira ya manyenje akulumpha m'mwamba. Chilichonse chikudontha. Ngakhale mvula isagwe, masamba amagwira nkhungu n'kuigwetsa pansi dontho limodzilimodzi. Aliyense amene anayendapo ku Thyolo kapena ku Mulanje tsiku la chiperoni akudziwa chimene ndikunena.

Cha pa mamita 3,000 nkhalango imatha mwadzidzidzi ngati wina waidula ndi chikwanje. Mumalowa m'dziko la zitsamba ndi udzu, lofanana pang'ono ndi Nyika, kenaka m'chigwa cha Barranco mumakumana ndi zomera zimene ndinayamba ndaima kuti ndiziyang'ane bwino: thunthu lalitali kuposa munthu, pamwamba pake ngati kabichi. Masamba ake akauma sagwa, amakhala akukuta thunthulo ngati bulangete, chifukwa kumeneko usana uliwonse ndi chilimwe, usiku uliwonse ndi chisanu. Kupitirira mamita 4,000 ndi chipululu, miyala yakuda ndi fumbi, poti phiri lonseli linapangidwa ndi chiphalaphala chotuluka pansi. Lili ndi mitu itatu: Shira amene anagumuka kalekale, Mawenzi wa mano ngati sowo, ndi Kibo, wamtali, amene wasenza madzi oundanawo.

Mawu amene mumawamva kuyambira m'mawa mpaka madzulo ndi a Chiswahili akuti pole pole, pang'onopang'ono. Tsiku loyamba amakukwiyitsani. Wolondolera wathu ankayenda ngati akuperekeza maliro, ine mumtima n'kumati, mwana uyu akundiyesa nkhalamba. Tsiku lachitatu, pa Lava Tower, mamita 4,600, mutu ukugunda ngati mtondo, nsima ya chakudya chamasana ikukana kutsika, ndinamvetsa.

WOULUTSA: Chimachitika n'chiyani m'thupi?

APHUNZITSI: Mpweya umapepuka. Pamwamba pa Kibo, mukakoka mpweya kamodzi mumalandira pafupifupi theka la okosijeni amene mukanalandira m'mbali mwa nyanja yamchere. Thupi limatha kuzolowera, koma limafuna masiku. N'chifukwa chake njira ya Machame imakukwezani mpaka pa Lava Tower masana n'kukutsitsani kukagona ku Barranco, kunsi kwa mamita 4,000: thupi lilawe, kenaka lipume. Amene amasankha ulendo wa masiku 5 pofuna kupulumutsa ndalama ndi amene amabwerera panjira kawirikawiri.

Ndipo matendawa saona nkhope. Mnyamata wothamanga mpira akhoza kugwa, agogo oyenda mwakachetechete n'kufika. Kupweteka mutu, nseru ndi kusowa tulo zimagwira ambiri. Koma munthu akayamba kudzandira ngati waledzera, kuyankhula zosamveka, kapena kutsokomola thovu ndi kubanika ngakhale atakhala pansi, ndiye kuti madzi akulowa m'mapapo kapena ubongo ukutupa. Pamenepo palibe kukambirana, palibe kudikira kuti kuche. Mankhwala ake ndi kutsika, nthawi yomweyo. Ndinaona mayi wina akutsitsidwa pa machira a tayala limodzi, anyamata akuthamanga naye pa miyala. Anthu amafa pa phirili chaka ndi chaka, ndipo ena mwa iwo ndi onyamula katundu.

WOULUTSA: Amene munati ndi theka la mapazi anu aja.

APHUNZITSI: Omwewo. Makolo athu ankati amtengatenga, kumeneko amati wapagazi. Mlendo mmodzi amafuna anthu atatu kapena anayi. Lamulo limati katundu wa mlendo asapitirire makilogalamu 20 pa munthu, ndipo amayeza pa sikelo pa geti, koma pamwamba pa zimenezo mnyamatayo ali ndi chikwama chakechake. Inu mumanyamuka m'mawa iwo akupasula tenti yanu. Pofika 10 koloko akudutsani, mtolo uli pamutu. Mukamafika madzulo tenti yaima, tiyi wawira. Pa khoma la Barranco, pamene ine ndinkakwawa ndi manja ndi maondo, mnyamata wina anandidutsa atasenza mipando, atavala nsapato zoti kuno tingapite nazo kumsika.

Pali bungwe lotchedwa Kilimanjaro Porters Assistance Project limene limayang'anira za malipiro, chakudya ndi zovala za anyamatawa. Ndinganene mosapsatira: mukaona kampani ikutchula mtengo wotsika modabwitsa, ndalama za paki sizitsika, mafuta a galimoto satsika. Chimene chatsika ndi mbale ya wonyamula katundu. Funsani musanalipire.

Tsono imvani ichi. Msasa womaliza pa njirayi umatchedwa Barafu, pa mamita pafupifupi 4,670. Barafu pa Chiswahili ndi madzi oundana. Koma pa Barafu palibe dontho la madzi. Madzi onse amene tinamwa pamenepo anatungidwa kunsi, m'chigwa cha Karanga, n'kukwezedwa m'zigubu pamitu ya anthu.

[Phokoso la mphepo, litsike]

WOULUTSA: Usiku womaliza.

APHUNZITSI: Amakudzutsani cha m'ma 11 usiku. Mumavala chilichonse chimene muli nacho, tochi pamphumi. Mukayang'ana kumwamba mumaona mzere wa timagetsi ukukhotakhota, osadziwa kuti tochi zathera pati, nyenyezi zayambira pati. Pali mamita oposa 1,200 oti mukwere, pa timiyala totereka, phazi likapita patsogolo limabwerera theka. Madzi a m'botolo langa anaundana cha m'ma 3 koloko. Sindikumbukira kuti ndinkaganiza chiyani. Ndikukhulupirira kuti sindinkaganiza kanthu, ndinkangowerenga mapazi mpaka 20 n'kuima.

Kum'mawa kutayamba kufiira kuseri kwa Mawenzi, ndinacheukira kumanzere. Panali chinthu chachitali, chotuwa, chimene poyamba ndinachiyesa mtambo. Dzuwa litachigunda chinasanduka chofiirira, kenaka choyera mothobwa m'maso. Ameneyo ndi glacier wotchedwa Rebmann, dzina la mmishonale ankamunena kuti saona uja. Tinafika pa Stella Point, pamlomo pa chidzenje cha phirilo, n'kuyendanso pafupifupi ola limodzi kukafika pa Uhuru.

Zimene ndinkaphunzitsa ana pa bolodi zinali zoti glacier ndi mtsinje wa madzi oundana, woyenda pang'onopang'ono m'chigwa. Ku Alps ndi ku Himalaya ndi momwemo. Pa Kibo ayi. Pamwamba pake ndi pathyathyathya, ndipo madzi oundanawo angokhala pa phulusa lakuda ngati zidutswa za sopo woyera zimene wina waziika pa tebulo, m'mbali mwake muli chilili ngati makoma a nyumba zosanja. Pakati pa chidutswa china ndi chinzake pali fumbi louma. Kale zonsezo zinali chinthu chimodzi.

M'chaka cha 1912 madzi oundana pa phirili ankakuta mahekitala pafupifupi 1,140. Pofika 2011 anatsala osakwana 180. Pa magawo 100 alionse, 85 anapita. M'kati mwa chidzenjemo muli kachidutswa kotchedwa Furtwängler, dzina la munthu amene anakwera phirili mu 1912. Mu 1976 kanali ngati mabwalo a mpira 16. Mu 2000, mabwalo 8. Ine nditakaona kanali kataduka pakati, kangokhala ngati mabwinja.

WOULUTSA: Ndiye kuti dziko likutentha, madziwo akusungunuka.

APHUNZITSI: Ambiri amayankha choncho, ndipo sakunama kwenikweni, koma afupikitsa nkhani. Kumbukirani ndati pamwambapo pamakhala madigiri 7 kunsi kwa ziro. Mpweya wozizira chotero sungasungunule kanthu. Ndipo ine nditaima pafupi ndi makomawo sindinaone mtsinje ukutuluka pansi pake. Nanga madziwo akupita kuti?

Mayi, munaikapo timibulu toyera tija tothamangitsa njenjete m'sutikesi ya zovala?

WOULUTSA: Tonunkha tija. Eya.

APHUNZITSI: Pakatha miyezi mumatipeza tachepa, kenaka tatha, koma zovala sizinanyowe. Tinachoka pa kulimba n'kupita mumpweya, osadzera pa madzi. Madzi oundana amachitanso chimodzimodzi akakhala pa dzuwa lamphamvu ndi mpweya wouma, ndipo pamwamba pa Kibo zonse ziwirizi zilipo zosefukira. Akatswiri a ku yunivesite ya Innsbruck ku Austria, Georg Kaser ndi Thomas Mölg, atayeza kwa zaka, anapeza kuti gawo lalikulu la zimene zikutayika pamwambapo likuuluka chotero.

Chimene chingateteze madzi oundanawo ndi chipale chatsopano. Chikagwa, chimawonjezera thupi, komanso poti n'choyera mbee, chimabweza kuwala kwa dzuwa, monga malaya oyera amakuzizirirani kuposa akuda. Chikasowa, pamwamba pamada ndi fumbi, dzuwa limalowa. Makoma aja nawo amawombedwa ndi dzuwa cham'mbali, phulusa lakuda la m'tsinde mwake limatentha, khoma n'kumabwerera m'mbuyo chaka ndi chaka. Chipale sichingakhazikike pa khoma loimirira kuti chitseke balalo. Ndipo zizindikiro, kuphatikizapo kutsika kwa nyanja za kuderalo, zikuonetsa kuti kum'mawa kwa Africa kunayamba kuuma cha m'ma 1880. Madzi oundanawa anakula m'nyengo ya chinyontho imene inatha. N'chifukwa chake ine ndimati akufa ndi ludzu.

Koma wina asatuluke pano n'kumati aphunzitsi anena kuti kutentha kwa dziko ndi bodza. Chinyontho chofika pa Kibo chimachokera ku Indian Ocean, ndipo nyanjayo ikamatentha, kayendedwe ka mphepo ndi mitambo kamasokonekera. Komanso Lonnie Thompson wa ku Ohio State University, amene mu 2000 anaboola madzi oundanawo mpaka mamita pafupifupi 50 n'kutulutsa mitanda yake, anapeza kuti zapamwamba zinali ndi zizindikiro za kusungunuka zimene sizinkaoneka m'munsimo. Iye anawerengera kuti zapansi penipeni zili ndi zaka 11,700, ngakhale anzake ena amatsutsa kuti sizakale chotero. Anapezamonso mzere wa fumbi umene anati ndi wa chilala choopsa cha zaka 4,000 zapitazo. Mwaona, chimwalachi ndi kaundula. Chikamatha, masamba ake akung'ambika.

Thompson yemweyo analosera kuti zonse zidzatha pakati pa 2015 ndi 2020. Sizinatero, zidutswa zilipobe. Lipoti la UNESCO la 2022 likuti pofika 2050. Chaka chenicheni anthu akhoza kuphonya, koma kumene zikulowera palibe amene akutsutsa.

WOULUTSA: Zikadzatha, anthu a ku Moshi adzamwa chiyani? Tingalande tija tidzauma?

APHUNZITSI: Mwatikumbukira nthawi yake. Limeneli ndi bodza lina lofala, loti midzi ya m'tsinde imamwa madzi osungunuka pamwamba. Mahekitala 180, ambiri mwa madzi ake akuuluka, angamwetse anthu oposa miliyoni? Madzi a mu mifongo, a mu akasupe a ku Moshi, a mu mtsinje wa Pangani ndi damu la Nyumba ya Mungu, amachokera kwakukulu m'lamba wa nkhalango uja tinadutsa tsiku loyamba, pakati pa mamita 1,800 ndi 3,000, kumene kumagwa mvula yochuluka ndipo mitengo imakama nkhungu. Andreas Hemp, katswiri wa zomera wa ku Germany amene wakhala akufufuza phirili kwa zaka zambiri, anaonetsa kuti moto wolusa watsitsa malire a kumtunda a nkhalangoyo ndi mamita mazanamazana, ndipo madzi otayika chifukwa cha zimenezo ndi ochuluka kutalitali kuposa amene madzi oundana amapereka. Mu Okutobala 2020 moto unayaka pa phirili kwa masiku angapo n'kupsereza dera lalikulu. Makamera a dziko lonse amaloza choyera cha pamwamba, pamene chitsime chili m'munsi, mobiriwira.

Ife izi sitifunika kuuzidwa ndi Mjeremani. Mulanje alibe madzi oundana ngakhale a m'kapu, koma Ruo, Lichenya ndi Likhubula amayenda chaka chonse, ndipo madzi a Likhubula afika mpaka m'mipopi ya ku Blantyre. Amachokera mu mitambo, m'nkhalango ndi m'madambo a pamwamba, momwe mikungudza yathu yathera ndi macheka ndi moto.

WOULUTSA: Nthawi ikutithawa, aphunzitsi, koma wina kunjaku mtima wadumpha, akufuna kupita. Anyamuke liti?

APHUNZITSI: Apewe mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi, ndi yaing'ono ya Novembala. Januwale ndi Febuluwale ndi abwino, Juni mpaka Okutobala ndi abwinonso koma kozizira. Mwana wosakwana zaka 10 saloledwa kukwera mpaka pamwamba. Atenge masiku 7 kapena 8, osati 5. Nsapato azizolowere kunyumba; za kaunjika zilibe vuto bola zikhale zolimba ndi zosalowa madzi. Magalasi akuda asaiwale, kuwala kwa pamwambapo kumawotcha maso. Wa vuto la mtima, la mapapo kapena kuthamanga kwa magazi ayambe waonana ndi dokotala. Ndipo asanawononge madola, akayambe wadziyesa pa Mulanje, masiku atatu kuchokera pa Likhubula. Miyendo idzamuuza zoona, ngakhale za mpweya Mulanje sangamuuze.

Akadzafika pa chikwangwani cha Uhuru, adzakumbukire kuti dzinalo silinalipo kale. Hans Meyer anaitcha nsongayo dzina la mfumu ya ku Germany, Kaiser Wilhelm. Pa 9 Disembala 1961, tsiku limene Tanganyika inalandira ufulu, msilikali wachinyamata anakwera ndi mbendera yatsopano ndi muuni wa ufulu n'kukaziika pamwambapo. Dzina lake Alexander Nyirenda.

WOULUTSA: Nyirenda? Ameneyo si wathu?

APHUNZITSI: Mizu yake ndi ya ku Karonga. Ndinamuuza wolondolera wanga zimenezi tili pamwamba pomwepo, milomo itauma, mawu akutuluka limodzilimodzi. Anandiyang'ana, n'kuyang'ana wotchi, n'kunena kuti mphindi zanga 15 zatha, nkhani ya Karonga ndikamalizire kunsi. Tinatsetsereka pa timiyala tija mpaka ku Barafu, n'kupitirira mpaka msasa wa Mweka, pamphepete pa nkhalango. Ndinagona maola 11 nsapato zili kuphazi, ndipo m'mawa mwake chinandidzutsa ndi nkhungu ikudontha kuchokera m'mitengo, kugogoda pa tenti.

WOULUTSA: Omvera, mafunso anu tumizani monga mwa nthawi zonse, aphunzitsi avomera kudzabweranso kudzawayankha. Tikumane sabata yamawa nthawi ngati yomweyino. Tsalani bwino.

[Kanyimbo kotsekera]